Wodwala uyu apite ku X-ray, ku sikani, ku CT kapena ku MRI?

Wophunzira za chipatala: Akuluakulu, ndithandizeni. Mafomu ambiri opempha kuti wodwala akajambulidwe amabwezedwa atalembedwa kuti "fotokozani bwino". Cholakwika chimakhala chiyani? Komanso ngati makina onse alipo, bwanji osangotumiza aliyense ku CT kapena ku MRI, poti ndi amene amaonetsa zambiri?

Dokotala wa zithunzi: Funso lanu lachiwirilo ndi limene limabala vuto loyambalo. Makina aliwonse ali ndi zimene amaona ndi zimene saona. X-ray imasiyanitsa zinthu potengera kulimba kwake: mpweya umaoneka wakuda, mafuta oderako, mnofu ndi madzi zimafanana, fupa loyera, chitsulo choyera mbee. N'chifukwa chake imagwira bwino ntchito pachifuwa ndi pa mafupa. Koma muiuze kuti isiyanitse chiwindi ndi magazi amene atayikira pambali pake, singathe, zonse zimatuluka mtundu umodzi. Sikani ya ultrasound imadutsa bwino m'madzi, koma ikakumana ndi mpweya kapena fupa yathera pomwepo. CT ndi X-ray yomweyo, kungoti chubu chotulutsa cheza chimazungulira wodwala ndipo kompyuta imaonetsa thupi ngati ladulidwa m'magawomagawo. MRI ilibe cheza cha X-ray n'komwe, imagwiritsa ntchito maginito, ndipo pa ubongo, msana ndi minyewa ya m'mfundo palibe yoiposa, koma ndi yochedwa.

Tsono fomu ikangolembedwa "kupweteka m'mimba, sikani", wojambula sadziwa kuti ayang'ane pati. Yerekezani ndi iyi: "Mayi wa zaka 42, ululu pansi pa nthiti za kumanja masiku 3, kutentha thupi, maso achikasu. Kodi muli miyala m'ndulu, kapena njira ya ndulu yatsekeka?" Fomu yotere sibwezedwa. Ili ndi zaka, chidandaulo, nthawi, mbali ya thupi, zimene mwapeza popima, ndi funso. Onjezeraninso ngati ali woyembekezera, opaleshoni imene anachitidwapo, ndi ngati pali zithunzi zakale zoti tiyerekeze.

Wojambula X-ray: Pa nkhani ya mbali ija, lembani mawu onse, kumanja kapena kumanzere. Kachilembo kamodzi kolembedwa mothamanga kajambulitsa anthu ambiri mwendo wabwinobwino.

Wophunzira za chipatala: Zamveka. Nanga pa X-ray ya pachifuwa, ndimaona ena alemba PA ena AP. Zikusiyana pati, si chifuwa chomwecho?

Wojambula X-ray: Chifuwa ndi chomwecho koma mtima sutuluka chimodzimodzi. Pa PA wodwala amaimirira, chifuwa chagunda mbale yolandira chithunzi, chubu chili kumbuyo kwake pa mtunda wa masentimita 180. Manja m'chiuno, mapewa akankhidwira kutsogolo kuti mafupa a paphewa achoke pa mapapo. Akoke mpweya wambiri, augwire, ndiye tijambule. Mtima uli kutsogolo kwa chifuwa, choncho umakhala pafupi ndi mbale ndipo kukula kwake kumatuluka koona. Pa AP, imene timajambula wodwala ali pabedi, mtima uli kutali ndi mbale ndipo chubu chili pafupi, ndiye chithunzithunzi chake chimakula, monga mmene dzanja limakulira pakhoma mukaliyandikiza ku nyale. Lamulo lija loti mtima usapitirire theka la mulifupi wa chifuwa ndi la PA yokha. Munthu asalembedwe kuti ali ndi mtima waukulu chifukwa cha chithunzi cha pabedi.

Musanawerenge matenda, yambani mwaweruza chithunzicho. Dzina ndi tsiku. Kenako onani ngati wodwala anapendekeka: nsonga za mkati za mafupa awiri a clavicle, aja opingasa m'munsi mwa khosi, zitalikirane mofanana ndi mzere wa msana. Akapendekeka, mbali imodzi imaoneka yoderapo ndipo mtima umaoneka ngati wasuntha. Kenako werengani nthiti. Ngati anakoka mpweya wokwanira, muona nthiti za kumbuyo 9 kapena 10 pamwamba pa diaphragm, mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Zikaoneka 7 zokha, mapapo apanikizana, m'munsi mwake mumaoneka moyera ngati chibayo pomwe palibe chibayo.

Namwino wa ku ngozi: Achimwene, onjezeranipo za madzi m'chifuwa ndi mpweya m'mimba, chifukwa apa ndi pamene kagonedwe ka wodwala kamapusitsa anthu.

Wojambula X-ray: Zoona achemwali. Madzi amatsata kumunsi, mpweya umakwera. Wodwala ataimirira, madzi a m'chifuwa amayamba kuonekera pa ngodya ya m'munsi pakati pa nthiti ndi diaphragm akafika pafupifupi mamililita 200. Atagona chagada, madzi omwewo amayala kumsana konse, ndipo mumangoona mbali imodzi yachita ngati chifunga, popanda mzere. Sikani imagwira madzi ochepa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo imakuonetsani malo olasa singano.

Mukaganizira kuti thumbo kapena chifu chabooka, pemphani X-ray ya pachifuwa ataimirira, osati ya pamimba atagona. Wodwala akhale tsonga mphindi 10 asanajambulidwe kuti mpweya upeze nthawi yokwera, ndipo uoneka ngati kamwezi kakuda pansi pa diaphragm ya kumanja. Ngati sangathe kudzuka, agonere kumanzere, tijambule chopingasa, mpweya ukaonekera pamwamba pa chiwindi. Kumanja ndi kumene timadalira chifukwa kumanzere kuli kale mpweya wa m'chifu umene ungakusokonezeni.

Dokotala wa mafupa: Pa mafupa, chithunzi chimodzi si chithunzi. Zikhale ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbali, chifukwa fupa lothyoka likhoza kuoneka lowongoka mbali imodzi pomwe mbali ina lapindika. Fupa lalitali lijambulidwe pamodzi ndi mfundo ya kumtunda ndi ya kumunsi. Pamkono, fupa limodzi likathyoka, mnzake akhoza kuguluka pachigongono kapena pa mfundo ya dzanja, ndipo mukajambula pakati pokha simuziona.

Pali zinthu zina zimene X-ray imachedwa kuonetsa. Kafupa ka scaphoid pa mfundo ya dzanja kakhoza kuthyoka chithunzi cha tsiku loyamba n'kutuluka choyera bwino. Ngati pakupweteka mukadina kadzenje ka m'munsi mwa chala chachikulu, mangani ngati pothyoka ndipo mubwereze pakatha masiku 10 mpaka 14, kapena apite ku MRI ngati ilipo. Kafupa kameneka kamalandira magazi kuchokera mbali imodzi, kakasiyidwa chidutswa chinacho chimafa. Matenda a mafinya m'fupa nawonso saoneka pa X-ray mpaka patapita pafupifupi masabata 2. Mwana amene akutentha thupi ndipo akukana kuponda, X-ray yabwino isakupatseni mtendere. Ndipo pa ana musatenge mzere wokulira fupa ngati pothyoka. Uli ndi malo ake odziwika, m'mbali mwake ndi mosalala.

Wophunzira za chipatala: Nanga cheza chija? Odwala ena amaopa ngakhale X-ray imodzi, ena amafuna CT mutu ukangowawa.

Woona za chitetezo cha cheza: Onse awiri amafunika manambala. Munthu aliyense amalandira cheza chachilengedwe kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba, pafupifupi 2.4 mSv (muyezo wa cheza cholowa m'thupi) pachaka tikatengera dziko lonse lapansi. X-ray imodzi ya pachifuwa ya PA ndi pafupifupi 0.02 mSv, ndiye kuti cheza cha masiku ochepa chabe. CT ya mutu ndi pafupifupi 2 mSv. CT ya pamimba ndi m'chiuno imafika 8 mpaka 10 mSv, zofanana ndi zaka zitatu kapena zinayi za cheza chachilengedwe, ndipo mukaijambula maulendo atatu pa nthawi zosiyana za contrast, mankhwala obaya mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino, nambalayo imachulukanso. Woopa X-ray ya pachifuwa mulimbitseni mtima. Wofuna CT popanda chifukwa ndi amene mukambirane naye, makamaka akakhala mwana, chifukwa thupi limene likukula limamva cheza kwambiri ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti vuto lionekere. Pa mwana makina achepetsedwe mphamvu molingana ndi kulemera kwake, asajambulidwe ndi muyezo wa munthu wamkulu.

Kwa ogwira ntchito, malire a ICRP, bungwe la padziko lonse loona za chitetezo cha cheza, ndi 20 mSv pachaka, powerengera zaka 5 pamodzi. Chitetezo chachikulu ndi mtunda. Mukatalikira kawiri, cheza chimatsika kanayi. Mukatalikira katatu, chimatsika kasanu ndi kanayi. Namwino amene waima mamita awiri kuchokera pa bedi pojambula m'wodi watetezeka kwambiri kuposa mmene amaganizira. Kabaji koyezera cheza kavalidwe pathupi, kasamasiyidwe pa jasi lopachikidwa m'chipinda chojambuliramo, chifukwa kamawerenga cheza chimene mwini wake sanalandire.

Namwino wa ku ngozi: Koma chovala cha mtovu chophimba ziwalo zoberekera za wodwala chija, ena asiya kuika. Si ulesi umenewo?

Woona za chitetezo cha cheza: Si ulesi, amayi. Mu 2019 bungwe la AAPM la ku America linalangiza kuti chizolowezi chimenecho chithe, ndipo mabungwe ena atsatira. Zifukwa ndi zitatu. Cheza chimene chimafika ku ziwalozo pojambula malo ena chimamwazikira mkati mwa thupi, chophimba cha kunja sichingachitchinge. Chophimbacho chikasuntha chimabisa malo ofunika, n'kubwereza chithunzi. Ndipo chikaphimba kachipangizo kamene kamayeza kuti cheza chakwana, makina amaganiza kuti thupi ndi lochindikala, amawonjezera mphamvu. Chofunika n'kuchepetsa bwalo la kuwala kuti ligwere pa malo ojambulidwa okha. Koma ogwira ntchito ndi wachibale wogwirizira mwana avale ndithu, iwowo nkhani yawo ndi ina.

Namwino wa ku ngozi: Ndamva, ngakhale kufotokozera kholo kuti mwana saphimbidwa ndi ntchito payokha.

Mzamba: Ndilowepo pa amayi oyembekezera. Mayi woyembekezera amene akuganiziridwa chibayo kapena TB ajambulidwe pachifuwa. Cheza chimene chimafika kwa mwana pa X-ray imeneyo ndi chochepera 0.01 mGy (muyezo winanso wa cheza), pomwe pansi pa 50 mGy sipanaonekepo kulumala kapena kupita padera kochokera ku cheza. Kumumana chithunzi ndi kumene kumaika moyo wa awiriwo pachiswe. CT ya m'chiuno ndi imene imafuna kukambirana kaye, ndipo mayi aliyense wa msinkhu wobereka afunsidwe tsiku limene anasamba komaliza.

Za sikani ya mimba: WHO inalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense aunikidwe kamodzi asanakwane masabata 24. Chifukwa chachikulu ndi kudziwa msinkhu wa mimba. M'miyezi itatu yoyamba timayeza utali wa mwana kuchokera pamutu kufika kumatako, ndipo tsiku limaphonya ndi masiku 5 mpaka 7 okha. M'miyezi itatu yomaliza limatha kuphonya ndi masabata 3, chifukwa ana pamenepo akula mosiyana. Tsiku limene lapezeka pa sikani yoyambirira lisasinthidwe ndi sikani ya mochedwa. Mwana akaoneka wochepa pa sikani yachiwiri, mwina sakukula bwino, si kuti tsiku linalakwika.

Chinanso: mayi amene mayeso a mimba atuluka kuti ilipo, akumva ululu mbali imodzi, chiberekero chili chopanda kanthu pa sikani ndipo kumbuyo kwake kuli madzi, muganizire mimba yokhala m'njira ya mazira mpaka mutatsimikiza kuti si choncho. Ndipo wotaya magazi mimba itakula asapimidwe ndi zala musanaone pa sikani pamene nsengwa yakhala.

Woona sikani: Amayi anena zonse, ine ndingowonjezera za kukonzekera, chifukwa sikani zambiri zolephereka zimalephereka wodwala asanalowe n'komwe m'chipinda. Ya ndulu, asadye maola 6. Akadya, ndulu imafinyika kutulutsa madzi ake, khoma lake limaoneka lochindikala ngati yatupa, ndipo timiyala timabisala. Madzi akumwa ndi mankhwala ake amwe. Wa shuga aikidwe m'mawa kuti asakhale ndi njala nthawi yaitali. Ya chiberekero younikira pamimba, chikhodzodzo chikhale chodzaza, amwe madzi pafupifupi lita imodzi kutatsala ola ndipo asakodze. Chikhodzodzo chodzaza chimakankha matumbo ndi mpweya wake, n'kukhala ngati zenera loonera kumbuyo. Younikira kudzera kumaliseche ndi zosiyana, akodze kaye.

Mafuta aja timapaka pakhungu si oti probe, kachipangizo kamene timayendetsa pakhungupo, iterereke chabe. Pakatsala kampweya kochepa pakati pa probe ndi khungu, mafunde a phokoso amene sikani imagwiritsa ntchito amabwerera pafupifupi onse. Probe yokhota ya 2 mpaka 5 MHz imafika pakuya koma chithunzi chake sichikhala chakuthwa, ndi ya pamimba. Yowongoka ya 7 mpaka 15 MHz imaonetsa bwino kwambiri koma masentimita ochepa, ndi ya chithokomiro, bere, machende ndi mitsempha.

Manambala oti muwasunge: khoma la ndulu lisapitirire mamilimita 3, njira yaikulu ya ndulu pafupifupi mamilimita 6, ngakhale imakulako mwa okalamba ndi mwa amene anachotsedwa ndulu. Impso ya munthu wamkulu masentimita 9 mpaka 12. Apendikisi yopitirira mamilimita 6 imene sikuphwatalala mukaidina ndi yokayikitsa. Mwala umasiya mthunzi wakuda kumbuyo kwake ndipo umagubuduka wodwala akatembenuka, kachotupa ka pakhoma sikasuntha ndipo kalibe mthunzi. Pa magazi oundana m'mwendo, dinani mtsempha pa mphechepeche ndi kuseri kwa bondo. Wabwino umaphwatalala mpaka makoma kugundana, wotsekeka umakana.

Vuto la sikani ndi loti chithunzi chimapangidwa ndi dzanja la woyeza. Chimene sanaloze, palibe amene adzachione pambuyo pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apendikisi sipezeka ndi munthu wothamanga.

Namwino wa ku ngozi: Kwa wovulala pangozi timachita sikani yachangu yotchedwa FAST pabedi pomwepo: pakati pa chiwindi ndi impso ya kumanja, mozungulira kapamba kumanzere, m'chiuno kuseri kwa chikhodzodzo, ndi thumba la mtima. Funso lake ndi limodzi, muli madzi kapena mulibe. Sikuuzani chiwalo chimene chang'ambika, ndipo magazi a kuseri kwa mimba, kufupi ndi msana, siwaona. Ikatuluka yopanda kanthu koma wodwala akufookerabe, bwerezani. Ndipo wodwala amene BP yake ikugwa, m'mimba muli madzi, malo ake ndi ku fiyeta. Asapite ku CT, chipinda chimenecho si chotsitsimutsiramo munthu.

Dokotala wa matenda a m'kati: Pali m'bale wake wa FAST wotchedwa FASH, wa anthu amene ali ndi HIV ndipo tikuganizira TB ya kunja kwa mapapo. Timafufuza madzi m'thumba la mtima, m'chifuwa ndi m'mimba, timwanabere ta m'mimba topitirira masentimita 1.5, ndi timadontho takuda m'kapamba ndi m'chiwindi. Pa X-ray ya pachifuwa kumbukirani kuti chitetezo chikatsika kwambiri, TB sioneka ndi maenje a kumtunda kwa mapapo monga m'mabuku. Ikhoza kuoneka ndi timwanabere totupa pakati pa chifuwa, timadontho tating'onoting'ono paliponse, kapena chithunzi chabwinobwino. WHO inavomereza mu 2021 mapulogalamu a kompyuta owerenga X-ray pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, koma ntchito yake ndi kusankha oti akayezedwe makhololo. Chithunzi pachokha sichitsimikiza TB, ndipo zipsera za TB yakale sizichoka.

Wophunzira za chipatala: Tibwerere ku CT. Munthu wafa ziwalo mbali imodzi mwadzidzidzi, CT yatuluka yabwino. Ndiye kuti si sitiroko?

Dokotala wa zithunzi: Ayi, ndipo apa pamalakwitsa ambiri. CT yoyamba, yopanda contrast, funso lake ndi loti kodi muli magazi. Magazi atsopano amaoneka oyera nthawi yomweyo. Sitiroko ya mtsempha wotsekeka ikhoza kusaoneka kwa maola angapo, mdima wake umadza pambuyo pake ubongo ukayamba kutupa. Choncho CT yabwino mwa munthu wofa ziwalo ikutanthauza kuti mwina ndi mtsempha wotsekeka, ndipo ndi imene imatsegula njira ya mankhwala osungunula magazi oundana, amene amaperekedwa mkati mwa maola 4.5 kuchokera pamene anaoneka ali bwino komaliza. Nthawi imeneyo ilembedwe pa fomu. MRI ya mtundu wa diffusion imaonetsa malo ovulalawo m'mphindi zochepa chabe.

CT imayeza kulimba ndi manambala otchedwa Hounsfield, dzina la Godfrey Hounsfield amene makina ake anajambula wodwala woyamba mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, mafuta pafupifupi -100, magazi oundana kumene 50 mpaka 80, fupa mazana angapo mpaka kupitirira 1000. Diso silingaone zonsezi nthawi imodzi, n'chifukwa chake chithunzi chomwecho timachiona pa window ya ubongo, ya fupa, kapena ya mapapo, ndiko kuti timauza kompyuta ionetse gawo limodzi la manambalawa. Woyang'ana window imodzi yokha amaphonya chigaza chosweka.

Pa wovulala mutu, magazi a pakati pa chigaza ndi chikopa cholimba cha ubongo amaoneka otukuka mbali zonse ziwiri ngati diso, ndipo nthawi zambiri ndi a mtsempha wothamanga magazi, munthu akhoza kulankhula bwino kenako n'kukomoka. A pansi pa chikopacho amayala ngati mwezi wongooneka kumene. Akakhalitsa sabata imodzi kufika atatu amasintha mtundu n'kufanana ndi ubongo, ndiye muyang'ane ngati mzere wa pakati wakankhidwa.

Wojambula CT: Za contrast ya ayodini. Kanyula ikhale yaikulu, 18G kapena 20G, pa mkono pokhotera chigongono, chifukwa pampu imakankha mamililita 3 mpaka 5 pa sekondi. Kanyula yaing'ono ya kuseri kwa dzanja imaphulitsa mtsempha, mankhwala n'kulowa mumnofu. Iyesedwe kaye ndi saline, madzi a mchere a mu diripi. Zikachitika, imitsani, kwezani mkono, ikani chozizira, ndipo muziona ngati zala zikumva komanso magazi akuyenda. Wodwala auzidwiretu kuti amva kutentha thupi lonse, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ndi ngati wadzikodzera. Mukapanda kumuuza amadzidzimuka n'kusuntha pa nthawi yeniyeni yojambula.

Nthawi ndi imene imasankha chimene chioneke. Pa masekondi 25 mpaka 35 mankhwala ali m'mitsempha yochokera kumtima. Pa 60 mpaka 70 chiwindi chawala bwino, ndi nthawi imene timajambula mimba zambiri. Patapita mphindi zingapo ali m'njira za mkodzo. Fomu yopanda funso imatichititsa kusankha nthawi yolakwika. Miyala ya m'impso timaijambula popanda contrast, chifukwa mankhwala oyera amabisa mwala woyera.

Wodwala akhale pafupi mphindi 15 mpaka 30 kanyula isanachotsedwe. Akayamba kubanika, kutupa nkhope kapena BP kugwa, abayidwe adrenaline 0.5 mg, ndiye 0.5 ml ya 1:1000, mumnofu wa ntchafu chakunja kwa munthu wamkulu, kubwereza pakatha mphindi 5 ngati sizikusintha. Hydrocortisone si mankhwala oyambira.

Dokotala wa matenda a m'kati: Koma achimwene, creatinine, imene timayeza m'magazi kuti tidziwe mmene impso zikugwirira ntchito, musamaiiwale. Impso zofooka ndi contrast sizimvana.

Wojambula CT: Sitikuiiwala adokotala, koma mantha ake anapitirira muyezo. Chiopsezo chenicheni chili pa amene eGFR yawo, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi, ili pansi pa 30 kapena impso zavulala kumene. Amenewo apatsidwe madzi okwanira, mankhwala ena ovutitsa impso aimitsidwe, ndipo metformin, mankhwala a shuga, aisiye maola 48 mpaka impso ziyezedwenso. Koma munthu amene akuganiziridwa kuti mtsempha waukulu wang'ambika sadikira zotsatira za ku labu.

Dokotala wa matenda a m'kati: Pa wadzidzidzi tikugwirizana. Pa wobwera mwa ndondomeko, wa shuga kapena wa BP, ine ndifunabe nambala ya posachedwa.

Wojambula MRI: Kwathu ku MRI lamulo loyamba ndi loti maginito sazima. Usiku, pa holide, magetsi atathima, akukokabe. Makina a 1.5 tesla ali ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza 30,000 ya maginito a dziko lapansi. Waya wake amaziziritsidwa ndi helium yamadzi pa madigiri pafupifupi -269, ndipo kuwazimitsa mwadzidzidzi kumataya helium yonseyo, zimachitika pokhapokha munthu wapanikizidwa ndi chitsulo kapena pali moto. Silinda ya okosijeni, njinga ya odwala, sizasi ya m'thumba la namwino, zonse zimauluka kulowa m'bowo momwe mwagona munthu. Wodwala mtima ukaima ali mkati, timamutulutsa kaye m'chipindamo, zotsitsimutsa zimachitikira kunja.

Aliyense wolowa afunsidwe, ngakhale dokotala: kachipangizo kothandiza mtima kugunda, zopanira mitsempha ya muubongo, kachipangizo ka mkati mwa khutu, zidutswa za chipolopolo, ndi ngati anagwirapo ntchito yowotcherera kapena kupala zitsulo. Kachitsulo kotsalira m'diso kakhoza kusuntha n'kuchititsa khungu, choncho wokayikitsa ajambulidwe X-ray ya maso kaye. Zitsulo zambiri zamakono za m'mafupa zimaloledwa, koma timafuna dzina ndi mtundu wake, osati mawu oti "anati n'zabwino".

Kupsa ndi ngozi imene anthu saiganizira. Khungu likagundana ndi khungu, monga ntchafu kapena manja opingasa, kapena waya akapindika mozungulira pathupi, pamatentha mpaka kutuluka matuza. Timaika zotchinga pakati. Phokoso limapitirira madesibelo 100, zotseka m'makutu n'zokakamiza. Kujambula kumatenga mphindi 20 mpaka 45, ndipo akasuntha gawo lonselo libwerezedwa, ndiye wa ululu apatsidwe mankhwala asanabwere, woopa malo opanikiza adziwike msanga. Contrast ya kuno ndi gadolinium, imene timaipewa mwa oyembekezera ndipo timasamala nayo eGFR ikakhala pansi pa 30.

Dokotala wa mafupa: Ndipo MRI ikhale ya funso loyenera. Msana wongowawa masabata awiri popanda chizindikiro choopsa sufuna chithunzi chilichonse. Anthu ambiri opanda ululu ali ndi madisiki a pakati pa mafupa a msana otukuka pa MRI, ndiye mukajambula aliyense mupeza "matenda" mwa aliyense. Koma miyendo ikufooka, mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukungotuluka wokha, dzanzi pakati pa miyendo, kapena ali ndi mbiri ya khansa kapena TB, ameneyo ndi wa tsiku lomwelo.

Wophunzira za chipatala: Mabere ndi barium sitinakhudze.

Woona sikani: Mwachidule. Mammogram ndi X-ray ya mphamvu yochepa, zithunzi ziwiri bere lililonse, chochokera pamwamba ndi chopendekeka chofika kukhwapa. Bere limapanikizidwa kuti lipyapyale, zimawawa masekondi ochepa koma cheza chimachepa ndipo zobisika zimaoneka. Asadzole paudala kapena mankhwala a m'khwapa tsikulo, timadontho take timafanana ndi timiyala ta khansa. Mwa mayi wachitsikana bere ndi lothinana, limatuluka loyera lonse, ndiye timayamba ndi sikani. Chotupa chimene chikugwirika ndi dzanja chitengedwe kanyama kokayeza ngati chikukayikitsa, ngakhale chithunzi chitaoneka bwino.

Wojambula X-ray: Barium, mankhwala oyera okhuthara amene wodwala amamwa kuti njira ya chakudya ioneke pa X-ray, ndi ya wovutika kumeza, timaonera pa sikirini akumeza. Isaperekedwe ngati mukuganizira kuti pena pabooka, chifukwa ikatayikira m'mimba kapena pakati pa chifuwa imayambitsa kutupa koopsa ndipo sichoka. Pamenepo timagwiritsa ntchito contrast yosungunuka m'madzi. Ngati wodwala akufunikanso CT ya pamimba, CT iyambe, chifukwa barium yotsalira m'matumbo imawononga chithunzi kwa masiku angapo. Atatha amwe madzi ambiri, imalimbitsa chimbudzi ndipo chimatuluka choyera. HSG, X-ray yoona ngati njira za mazira zili zotseguka, imachitika msambo utatha koma dzira lisanatuluke, pafupifupi tsiku la 7 mpaka 10, ndipo pasakhale matenda a m'chiuno amene sanachizidwe.

Namwino wa ku ngozi: Chimodzi chimene chatsala, chubu chodyetsera chodzera m'mphuno. Ngati mwajambula X-ray yotsimikizira malo ake, chitsike pakati pa chifuwa, chidutse pamene njira ya mpweya imagawikana osakhotera mbali, chipyole diaphragm, nsonga yake ioneke pansi pake chakumanzere. Chikakhotera kumanja kapena kumanzere pa mphambano ija, chili m'mapapo, ndipo wodwala wokomoka satsokomola kuti akuchenjezeni. Chithunzicho chikhale cha chubu chimene chilipo panopa, onani tsiku ndi ola, ndipo pasalowe chakudya kapena mankhwala mpaka wochiwerenga atalemba m'faelo kuti chili m'malo.